Kudzimangira Kompyuta ndi Ndalama Zochepa (3): Bokosi Logawa Magetsi

Mphunzitsi wa ku Kabwazi, kapena mnyamata amene wangolemba kumene mayeso a Fomu 4, akafuna kompyuta ya patebulo sathamangira yatsopano ya m'katoni. Amasonkhanitsa ziwalo zake pang'onopang'ono monga mmene munthu amasonkhanitsira malata a nyumba: mwezi uno motherboard, akagulitsa mbatatesi kapena soya purosesa, kenaka RAM ndi hadi disiki. Ndalama zikatsala pang'ono kutha ndi pamene amakumbukira kabokosi kachitsulo kokhala ndi fani ndi mtolo wa mawaya, kamene amisiri amakatcha pawa sapulayi. Pamenepo amangotola kotsika mtengo koposa onse, poganiza kuti magetsi ndi magetsi basi. Ambiri atayira chuma chawo pamenepa.

Ntchito ya bokosili ndi yaikulu. Magetsi amene ESCOM imafikitsa pakhoma ndi a mavolti 230, ndipo amapita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi iliyonse. Ziwalo za m'kati mwa kompyuta sizingapirire ukali wotere. Izo zimafuna magetsi ofatsa, oyenda njira imodzi, a mavolti 12, 5 ndi 3.3. Bokosi lija ndi limene limawaweta ndi kuwagawa: waya wachikasu amanyamula mavolti 12, wofiira 5, wa mtundu wa lalanje 3.3, ndipo wakuda ndi wobwezera. Bokosi labwino likaona ngozi limadzithimitsa lokha. Lachabechabe likamafa silifa lokha ayi, limatenga motherboard ndi hadi disiki yodzaza mayeso ndi malikisi a ana a sukulu yonse.

Choyamba kuyang'ana ndi kumbuyo kwa bokosilo. Mabokosi ambiri akale, makamaka a kaunjika ochokera ku America kumene magetsi a m'nyumba ndi a mavolti 120, ali ndi kaswitchi kofiira kolembedwa 115 mbali ina ndi 230 mbali inayo. Kakakhala pa 115 munthu n'kulumikiza ku soketi ya kuno, kumamveka kuphulika kamodzi, kenaka utsi. Mabokosi a masiku ano olembedwa 100-240V alibe kaswitchi kameneka, amadzisankhira okha, ndipo amapirirako magetsi akafooka madzulo pamene zigayo ndi mbaula zonse zayaka.

Chachiwiri ndi kugwirizana kwa mapulagi a m'kati. M'chaka cha 1995 kampani ya Intel inakhazikitsa muyeso wotchedwa ATX, kuti ziwalo zopangidwa ndi makampani osiyanasiyana zizigwirira ntchito pamodzi. Pulagi yaikulu yopita ku motherboard poyamba inali ya mapini 20, pambuyo pake inakhala ya mapini 24. Palinso pulagi ina ya mapini 4 kapena 8 yodyetsa purosesa, ina yopyapyala ya hadi disiki za SATA, ndi ina ya mapini 6 kapena 8 ya khadi la zithunzi. Ya purosesa ndi ya khadi la zithunzi zimaoneka ngati mapasa, koma mawaya ake anaikidwa mosiyana, ndipo woikakamiza ina pamalo a inzake amawotcha makina.

Vuto lenileni ndi lakuti makompyuta ambiri otsika mtengo amene amapezeka m'masitolo a ku Lilongwe ndi aja anagwirapo kale ntchito m'maofesi a kunja, a Dell, HP ndi Lenovo, ndipo ambiri a iwo satsata muyeso wa ATX. Dell OptiPlex 3020, 7020 ndi 9020 ali ndi pulagi yaikulu ya mapini 8 okha. Ma HP Compaq Elite 8200 ndi 8300 ali ndi ya mapini 6. Munthu amene wagula motherboard yochotsedwa m'makina otere, n'kugulanso bokosi wamba la mapini 24, adzafika nazo kumudzi zosakwatirana. Timawaya tolumikizira zinthu ziwirizi tilipo, koma tiyenera kukhala topangidwira mtundu womwewo wa makina. Kukula kwa bokosi nakonso n'kofunika. La ATX ndi lotalika mamilimita 150 m'lifupi ndi 86 m'mwamba, ndipo silingalowe m'makompyuta opyapyala aja amene amagona patebulo. Kuli bwino kunyamula motherboard kapena bokosi lakufalo popita kokagula, kusiyana ndi kulipira minibasi kawiri.

Tsono pali nkhani ya mawati, imene imanyenga ngakhale anthu ophunzira. Wogulitsa amaloza nambala yaikulu yolembedwa pakatoni, 500W kapena 650W, ndipo wogula amakondwa kuti wapeza ng'ombe pa mtengo wa mbuzi. Nambala imeneyi siinena zambiri. Choonadi chili pa kapepala komatidwa pambali pa bokosi, pamzere wolembedwa +12V, pakuti purosesa ndi khadi la zithunzi, zimene zimadya magetsi ambiri, zimadyera pamenepo. Masamu ake ndi a Fomu 2: mavolti kuchulukitsa ndi maampu kumapereka mawati. Bokosi lolembedwa 500W limene pamzere wa +12V lili ndi 18A limapereka mawati 216 okha pamalo ofunikawo. Lina lolembedwa 400W lokhala ndi 30A limapereka mawati 360. Lachiwirili, ngakhale dzina lake ndi laling'ono, ndilo lamphamvu.

Ndipo kompyuta ya mphunzitsi siifuna zambiri chotero. Purosesa ya Core i5-6500 imawerengedwa mawati 65, ya Core i5-4570 mawati 84. Kuwonjezerapo motherboard, RAM, hadi disiki imodzi ndi mafani, zonse pamodzi sizikwana mawati 150. Makina olembera makalata, osungira malikisi ndi ophunzitsira ana a Computer Studies amakhuta ndi bokosi loona la mawati 300 kapena 350. Yekhayo amene akufuna kuika khadi lalikulu la zithunzi, monga anyamata okonza mavidiyo a maukwati ndi makwaya, ndiye ayenera kukwera kufika 450 kapena 500, ndi kuonetsetsa kuti pulagi ya khadilo ilipo. Amisiri ena amayamba anyamula bokosi m'manja asanawerenge chilichonse. Sikuti ndi matsenga: bokosi lopepuka ngati chitini cha mkaka lilibe zitsulo zokwanira zochotsa kutentha, ndipo wolipanga anaumira pa zonse.

Chizindikiro cha 80 Plus, chimene chinayamba mu 2004, chimatanthauza kuti pa magetsi 100 alionse olowa, osachepera 80 amafika ku makina, otsalawo amasanduka kutentha. Makina ofuna mawati 100 amakoka 125 pakhoma ndi bokosi lotere, koma ndi bokosi lofikitsa 65 okha amakoka pafupifupi 154. Kwa munthu wogwira ntchito maola 8 pa tsiku, masiku 25 pa mwezi, kusiyana kwake ndi mayunitsi pafupifupi 6 mwezi uliwonse. Chomata chimenechi amachinamiziranso, choncho chikhale pa bokosi la kampani yodziwika dzina.

Zonsezi zimakula msinkhu tikaganizira magetsi a dziko lino. Ambiri mwa iwo amachokera mu mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi anakhala akuthimathima kufikira malowo atakonzedwa mu 2023. Boma la Dedza lili ndi munda wake wa sola ku Golomoti, wa mamegawati 20, umene unayamba ntchito mu 2022, koma magetsi ake amalowa m'mawaya a dziko lonse ndipo sateteza tebulo la munthu. Nthawi yoopsa kwa kompyuta ndi imene magetsi akubwerera atathima, ndiponso nyengo ya mphezi m'mapiri muno kuyambira Novembala kufikira Epulo. Amene angathe agule UPS. Amene sangathe azule pulagi pakhoma magetsi akangothima kapena mabingu akayamba, pakuti kuthimitsa switchi yokha sikuletsa mphezi. Pulagiyo ikhale ya mano atatu, ya fyuzi. Chizolowezi chotsegula soketi ndi kamtengo kuti pulagi ya mano awiri ilowe chimasiya makina opanda waya wa pansi, ndipo ndi chifukwa chake makompyuta ena amaluma munthu akawakhudza.

Kumene mawaya a ESCOM sanafike, anthu amadalira sola, batire ndi inveta. Mainveta otsika mtengo amatulutsa magetsi oduladula, ndipo mabokosi ena amakono amalira kapena kuthima nawo. Inveta yolembedwa Pure Sine Wave ndiyo yogwirizana nawo.

Bokosi la kaunjika la kampani yodziwika limaposa latsopano lopanda dzina, malinga liyesedwe wogula asanalipire. Wogulitsa alilumikize ku makina, liyake kwa mphindi makumi awiri, fani izungulire mosakhuluza, ndipo pasamveke fungo la chopserera. Fumbi la m'chilimwe lingathe kuuziridwa kunja kudzera m'mabowo, koma chivundikiro chake chisatsegulidwe ndi munthu amene sanaphunzire ntchitoyi, chifukwa m'kati muli makapasita osunga mavolti opitirira 300 ngakhale pulagi itazulidwa kale.