Thabwa la mamilimita 10 lomwe limalanda chipambano

MECANHELAS — Anthu akamaonera mpikisano wa galimoto za Formula 1 pa wailesi yakanema, maso awo amakhala pa mapiko, matayala ndi woyendetsa. Koma milandu yambiri ya masewerawa imachokera kunsi kwa galimoto. Kwa zaka zoposa 40 olemba malamulo ndi opanga galimoto akhala akukangana pa funso limodzi: lamulo likatchula nambala, kodi nambalayo ipimidwe liti, ndipo ipimidwe motani?

Msodzi aliyense wa pa Nyanja ya Chiuta amadziwa kuti mayendedwe a bwato amadalira momwe analisemera kunsi. Galimoto za mpikisano nazo zili chimodzimodzi. Mphepo ikamadutsa pampata wochepa pakati pa galimoto ndi phula imathamanga kwambiri, mphamvu yake yokankha nkuchepa. Zikatero mphepo ya pamwamba imapondereza galimotoyo pansi, matayala amagwira zolimba, ndipo woyendetsa amakhota pa liwiro lalikulu osaterereka. Galimoto ikayandikira phula, mphamvuyi imakulanso.

Nzeru za mwana wa ku Durban

Kampani ya Lotus, motsogozedwa ndi a Colin Chapman, ndiyo idayamba kudyerera nzeruyi mchaka cha 1977. Idaumba kunsi kwa galimoto ngati phiko lotembenuza, nkuika timatchingo m'mbali tokhudza pansi kuti mphepo yakunja isalowe. Mchaka cha 1978 a Mario Andretti adatenga ukatswiri wa dziko lonse ndi galimoto yotereyi.

A Gordon Murray, omwe adabadwira ku Durban m'dziko la South Africa ndipo ankapangira galimoto timu ya Brabham, adayankha pomangirira chikupizo chachikulu kumbuyo kwa galimoto, choyamwa mphepo ya kunsi. Lamulo linkaletsa chipangizo choyenda chomwe ntchito yake yaikulu ndi kusewera ndi mphepo. A Murray adati ntchito yaikulu ya chikupizocho idali kuziziritsa injini. A Niki Lauda adapambana nayo ku Sweden mu June 1978, ndipo chipambanocho chidavomerezeka, ngakhale kuti galimotoyo siidathamangenso matimu ena atadandaula.

Mchaka cha 1981 akuluakulu a masewerawa adaletsa timatchingo tija, nkulamula kuti galimoto izitalikira pansi ndi masentimita 6. Koma kupima kunkatheka pokhapokha galimoto itaima. Apa a Murray adapanga zotchinjiriza mabampu zogwira ntchito ndi mpweya komanso mafuta: galimoto ikafika pa liwiro inkatsika yokha mpaka kutsala pang'ono kukhudza phula, ikachepetsa liwiro nkukweranso. Opima akabwera ankapeza masentimita 6 ali okwana. A Nelson Piquet a ku Brazil adatenga nayo ukatswiri chaka chomwecho, matimu ena atatengera kale. Mu 1983 lamulo lidasintha, kunsi kwa galimoto kudayenera kukhala kwafulati.

Imfa ya Senna ndi thabwa

Nkhaniyi si ya zikho zokha, ikukhudzanso moyo. Galimoto yoyenda chokwawa ikagunda pansi, mphepo ya kunsi imadukiza ndipo mphamvu yopondereza ija imatha mwadzidzidzi. A Roland Ratzenberger atamwalira ku Imola pa 30 April 1994, ndi a Ayrton Senna mawa lake pa 1 May, bungwe la FIA lidakhwimitsa malamulo ambiri. Limodzi mwa iwo lidali lomangirira thabwa lochindikala mamilimita 10 kunsi kwa galimoto iliyonse. Lamulolo lidati thabwalo likaperepeseka nkutsika pansi pa mamilimita 9, ndiye kuti galimotoyo inkayenda motsika kwambiri.

Ubwino wa thabwa ngwakuti limasunga umboni wa zomwe zimachitika galimoto ili pa liwiro. Woyamba kulawa mkwapulo adali a Michael Schumacher. Pa 28 August 1994 iwo adafika poyamba ku Spa, m'dziko la Belgium, pa galimoto ya Benetton yomwe adaipanga a Rory Byrne, enanso a ku South Africa. Opima adapeza thabwa litadyeka kupyola muyezo. Timuyo idati lidakhulika pomwe galimoto idazungulira nkukwera m'mphepete mwa msewu, koma oweruza sadamve zimenezo. Chipambano chidapita kwa a Damon Hill.

Komabe thabwa silidathetse mikangano. Mu 2009 lamulo lidachepetsa kukula kwa ngalande yotulutsira mphepo kumbuyo kwa galimoto. Matimu a Brawn, Toyota ndi Williams adatsegula mipata pomwe magawo awiri a kunsi amakumana, mphepo nkupeza ngalande yachiwiri pamwamba pa yoyamba. Anzawo adakasuma, koma mu April chaka chomwecho khoti la FIA lidagamula kuti mawu a lamulo sadaphwanyidwe. A Jenson Button a timu ya Brawn adatenga ukatswiri, ndipo njirayi idadzaletsedwa kuyambira 2011.

Thabwa la masiku ano silamtengonso, koma muyezo wake udalumabe anthu. Ku Austin mu 2023 adapima galimoto zinayi zokha, ziwiri nkupezeka zolakwa, za a Lewis Hamilton ndi a Charles Leclerc. Anthu adafunsa kuti: nanga zinazo zikadapimidwa? Mu November 2025 ku Las Vegas, galimoto zonse ziwiri za McLaren zidachotsedwa pa mlandu womwewu.

Phunziro kwa ife a ku Chiuta

Kuno kwathu kulibe bwalo la mpikisano wa galimoto, koma mkangano wamtunduwu si wachilendo. Nyanja ya Chiuta ndi imodzi, maiko ake ndi awiri. Mchaka cha 1995 asodzi a tsidya la Malawi adathamangitsa anthu ophera nsomba khoka la nkacha, ponena kuti limakokolola ndi ana ansomba omwe komanso kuvundula madzi akumwa. Tsidya lino makoka adapitirira kugwira ntchito, ndipo kusiyanaku kudabala mikangano pakati pa asodzi a mbali ziwirizi, pomwe makumba ndi milamba sizidziwa malire.

Lamulo la maso a ukonde lili ndi vuto lomwe lidavutitsa akuluakulu a Formula 1 mu 1981. Ukonde woyanikidwa pa dooko ukhoza kukhala ndi maso ovomerezeka, koma mwini wake nkukasokerera neti ya udzudzu m'thumba mwake akafika pamadzi. Opima amaona chilungamo, nyanja imaona zina. Mafumu, makomiti a asodzi ndi alangizi a boma angachite bwino kupeza thabwa lawo: kupima nsomba zomwe zili m'bwato pofika kumtunda, pa madooko a mbali zonse ziwiri, ndi muyezo umodzi womwe agwirizana. Msinkhu wa nsomba umaulula ukonde womwe udaipha.