Kuthamanga kumakoma ukachepetsa liwiro

N'chifukwa chiyani tsiku loyamba limawawa?

Ambiri amene anayesapo kuthamanga n'kusiya amafotokoza zofanana. Anadzuka m'mamawa ali ndi changu, n'kuliyatsa liwiro ngati akuthamangira minibasi, ndipo asanafike patali anali wefuwefu, m'nthiti mukubaya. Si ulesi ayi. Munthu akangoyamba kuthamanga, minofu ya miyendo imafuna mpweya wambiri nthawi yomweyo, pamene mtima ndi mapapo zimatenga kanthawi kuti zifike pa mlingo wofunikawo. N'chifukwa chake mphindi zoyambirira zimalemera ngakhale kwa amene athamanga zaka zambiri. Wozolowera amadziwa kuti thupi lipepuka posachedwa, koma woyamba kumene amayesa kuti ulendo wonse ukhala choncho.

Liwiro loyenera ndi liti?

Muyeso wake ndi pakamwa. Ngati mungathe kucheza ndi mnzanu mukuthamanga, n'kumaliza chiganizo osadukiza, liwirolo ndi lanu. Mawu akayamba kutuluka limodzilimodzi, chepetsani. Kwa woyamba kumene, liwiro limeneli limaoneka lamanyazi, mwina kungoposa pang'ono munthu woyenda ndawala. Komabe ngakhale akatswiri a ku Kenya ndi ku Ethiopia amathamanga mbali yaikulu ya makilomita awo okonzekera mpikisano pa liwiro lowalola kucheza. Pa liwiro lotere ndi pamene mtima umaphunzira kupopa magazi ambiri pakugunda kumodzi, ndipo timitsempha ting'onoting'ono tofikitsa magazi m'minofu timachulukana.

Kusakaniza kuyenda ndi kuthamanga

Ndondomeko yotchedwa Couch to 5K, imene achipatala a boma ku Britain amalimbikitsa, imatenga masabata 9, katatu pa sabata. Sabata yoyamba munthu amathamanga masekondi 60, n'kuyenda masekondi 90, mobwerezabwereza. Kenaka kuthamanga kumatalikira, kuyenda kumafupikira, mpaka munthu afike pa mphindi 30 osaima. Ubwino wake ndi wakuti umafika kunyumba ukadali ndi mphamvu, ndipo amene wabwerako ndi mphamvu savutika kutulukanso mkuja.

Bwanji osathamanga tsiku lililonse?

Ziwalo sizizolowera pa liwiro limodzi. Mtima ndi mapapo zimasintha m'masabata ochepa, koma mafupa, mawondo ndi mitsempha ya m'akakolo zimafuna miyezi. Apa ndi pamene ambiri amavulalira: phuma latha, akuona ngati alimba, n'kuwonjezera mtunda miyendo isanakonzeke. Tsiku lopuma ndi limene thupi limakonza zomwe zafooka. Kuphwanya kwa minofu kumene kumabwera patatha tsiku limodzi kapena awiri n'kwachibadwa ndipo kumatha kokha. Ululu wobaya pamalo amodzi, wokula mukamaponda, ndi wina. Umenewo ukabwera, siyani kuthamanga. Amene ali ndi BP, shuga kapena vuto la mtima ayambe waonana ndi dokotala.

Malo, nthawi ndi nsapato

Njira yafumbi kapena bwalo la sukulu zimafewera mapazi kusiyana ndi tala. Mukakhala pamsewu, yang'anizanani ndi magalimoto akubwera, kutanthauza kudzanja lamanja kuno kwathu. M'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala, m'bandakucha ndiye nthawi yabwino. Nsapato ya pa kaunjika ikwanira, bola ikhale yosathina ku zala ndiponso yosaperepeseka kunsi.

Nanga kukoma kwake kumabwera liti?

Sikubwera ndi phokoso. Tsiku lina mumangozindikira kuti mwadutsa pachigayo pamene munkaimira kale, ndipo maganizo anali kwina, osati pa kapumidwe. Kuyambira pamenepo maso amayamba kuona zina: utsi wa m'makhitchini, amayi opita ku mjigo, dzuwa likusuzumira kuseri kwa phiri. Ena amakamera mtima wa mpikisano n'kuyamba kulota za Porters Race ya pa phiri la Mulanje. Ena amakhutira ndi mphindi 25 katatu pa sabata, zimene zikaphatikizidwa zimakwana mphindi 75, mlingo wochepetsetsa wa masewera otulutsa thukuta umene bungwe la WHO limalangiza munthu wamkulu.