Mawu akuti "quite": kotheratu kapena pang'ono chabe?

Aphunzitsi ambiri akakumana ndi mawu a Chingerezi akuti "quite" amawamasulira kuti "muito" m'Chipwitikizi, ana n'kulemba "kwambiri" m'makope mwawo. Kumasulira kotereku kumasocheretsa. Munthu wa ku Britain akawerenga ntchito ya wophunzira n'kunena kuti "It is quite good", sakutanthauza kuti ntchitoyo ndi yapamwamba. Akunena kuti ndi yabwinoko, koma ikanatha kuposa pamenepo.

Mawuwa anachokera ku Chilatini, ku mawu akuti "quietus", otanthauza kukhala pabata. M'Chifalansa chakale anasanduka "quite", kunena munthu womasuka, amene alibenso ngongole. Chipwitikizi chinasunga tanthauzo limeneli mpaka lero: anthu akabwezerana ngongole amati "estamos quites", palibe chotsala. Ganizo la kusatsala kanthuli ndi limene linalowa m'Chingerezi, moti m'zaka za m'ma 1300 "quite" ankatanthauza "kotheratu". Tanthauzo lofooka lija, la pakatikati, linafala m'zaka za m'ma 1800, koma lakale silinafe. N'chifukwa chake lero mawu amodzi ali ndi matanthauzo awiri.

Nanga mwana angadziwe bwanji tanthauzo loyenera? Ayang'ane mawu otsatira. Zinthu zina zilibe pakati: botolo limakhala ndi kanthu kapena lilibe, yankho limakhala lolondola kapena lolakwa. Pamenepa "quite" amatanthauza "kotheratu". Choncho "The bottle is quite empty" ndi "m'botolomo mulibiretu kanthu", ndipo "You are quite right" ndi "mwalondola ndithu". Koma kutopa, kuzizira ndi kutalika zimatha kuchepa kapena kukula. Apa tanthauzo limafooka: "I am quite tired" ndi "ndatopako", ndipo "The school is quite far" ndi "sukulu ili kutaliko". Akati "not quite", ndiye kuti kwatsala pang'ono kuti chinthucho chikwane.

Dziwaninso kuti ku America "quite good" kawirikawiri ndi chiyamikiro champhamvu, pafupi ndi "very good". Mukamawerenga nkhani ndi ana, ndi bwino kudziwa kumene wolembayo akuchokera.

Pa phunziroli Chinyanja chimathandiza kuposa Chipwitikizi. Mawu akuti "bastante" nawonso amatha kutanthauza "mokwanira" kapena "kwambiri", choncho sathetsa vutolo. Koma mwana aliyense amasiyanitsa "wachirako" ndi "wachiriratu" popanda womuphunzitsa, chifukwa amadziwa kuti wodwala woyambayo sanayambe kupita kumunda.

Yambirani pamenepo. Lembani pa bolodi ziganizo 6 zokhala ndi "quite", 3 za tanthauzo lililonse. Ana akhale awiriawiri, amasulire m'Chinyanja, ndipo asankhe pakati pa "-ko" ndi "-retu" kapena "-ratu". Akasemphana, afunseni ngati chinthucho chingachepe kapena kukula. Chipwitikizi chibwere pambuyo, ana atagwira kale kusiyanako m'chilankhulo chawo.