Maina Athu M'mabuku Akale: Gawo Lachiwiri

Sabata yatha tidakamba za maina a malo, ndi momwe David Livingstone adalembera nyanja yathu ya Chilwa kuti Shirwa atafika kuno mu 1859. Lero tiyeni tione maina a anthu.

Aliyense amene adavundukulapo mabuku akale a ubatizo, kapena makalata amene agogo a ku Kachulu ndi ku Chisi adasunga m'masutikesi, adziwa kuti maina sadali kulembedwa monga lero. Mphatso mudzampeza ali Mpatso, Thokozani ali Tokozani, Chikondi ali Cikondi. Olembawo sadali mbuli ayi. Ambiri masiku amenewo sankaika h wosonyeza mpweya, n'chifukwa chake dzina la Samuel Josia Nthara, mlembi wa buku la Nthondo, lidasindikizidwa kuti Ntara. Nayenso c woima yekha adali wololedwa kufikira 1973 pamene Bungwe la Chichewa lidakhazikitsa ch. Abale athu a ku Zambia akulembabe Cinyanja.

Maina obwera ndiwo adapindika koposa, pakuti lilime lathu lidawaumba mwa chikhalidwe chake. Pakati pa Ayao, Hassan adasanduka Asani ndipo Yusuf adakhala Yusufu. Kwa ochokera ku dziko la Apwitikizi, José adakhala Zuze. Chondikondweretsa ine ndi cha Mateyu. Buku Lopatulika la 1922 lidalemba Mateyu, pamene Akatolika amati Mateyo, kotero kuti chilembo chomaliza chokhacho chingakuuzeni kumene agogo a munthu ankapemphera.

Koma nkhaniyi ili ndi minga yake. Mphunzitsi wa Sitandade 1 amamva dzina pakamwa pa mayi nalemba Useni. Wa Sitandade 8, poganiza kuti akukonza cholakwa, amatumiza Hussein ku MANEB. Chiyambire zitupa za unzika mu 2017, mwana wotere amapezeka ali anthu awiri, ndipo kalaliki sadzamfunsa za mbiri ya kalembedwe. Adzangoti mapepala sakugwirizana. Aphunzitsi anzanga, tisasinthe chilembo m'dzina la mwana tisanafunse makolo ake. Inunso amene mwatsiriza sukulu, yalani satifiketi ndi chitupa pamodzi, muwerenge chilembo ndi chilembo musanauyambe wa ku Zomba kukafuna ntchito.

Sabata yamawa tidzaona maina amene adabwera ndi a ku Joni.