Kansomba ka pamwala kakutichenjeza

Ndinakulira ku Mchinji, komwe mtsinje wa Bua umayambira. Tili ana, tikatopa ndi ubusa m'chilimwe, tinkatsikira ku kamtsinje kochokera m'mapiri n'kumatembenuza miyala pamalo pomwe madzi amathamanga. Pansi pake tinkapeza kansomba kosaposa chala kutalika, kopanda mamba, ka ndevu zifupizifupi ngati mwana wa mlamba. Akatswiri amakatcha Chiloglanis. Pakamwa pake pali kunsi ndipo pamamata pamwala, moti ngakhale madzi athamange bwanji sikakokoloka. Kamadya ndere ndi tizilombo ta pamwalapo.

Chilimwe chathachi ndinatenga mdzukulu wanga kuti akakaone. Ndinatembenuza miyala mpaka msana kuwawa, koma osapeza ngakhale kamodzi. Miyala yambiri inali itakwiririka ndi mchenga komanso matope. Mwanayo anandifunsa kuti, “Agogo, kodi simunalote?” Ndinasowa choyankha.

Olakwa si a kutali, ndife tomwe. Tadula mitengo m'mapiri pofuna makala ndi nkhuni zowotchera njerwa. Madimba athu tawalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi, osasiya bango kapena mkuyu wogwira nthaka. Mvula ikagwa, dothi lonse limathera mumtsinje. Ena tikuphera matemba m'masikito omwe tinalandira kuti titeteze ana ku malungo, pomwe ena akuthira katupe m'maiwe, chonsecho lamulo la za usodzi la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi poizoni.

Wina anena kuti kansomba kosakwana ndiwo n'ka ntchito yanji? Bua akachoka kwathu amadutsa ku Kasungu ndi m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota asanathire m'nyanja ya Malawi. Mumtsinje womwewu ndi momwe mpasa ndi sanjika zimakwera kuchoka kunyanja kudzaswana, ndipo zimaikira mazira pa timiyala topanda matope. Dothi lomwe lathamangitsa kansomba kwathu kuno likatsikira kumunsi, limakakwiriranso mazira a mpasa. Msodzi wa ku Nkhotakota amalipira mlandu wa khasu la ku Mchinji.

Pempho langa likupita kwa mafumu athu ndi makomiti a zachilengedwe m'midzi: tigwirizane zosiya mpata pakati pa dimba ndi mtsinje, tibzalemo nsungwi, bango ndi mikuyu, ndipo wothira katupe aziitanidwa kubwalo. Ine ndayamba ndi dimba langa. Ndasiya mizere isanu ya kumtsinje osalima, ngakhale matimati achepa. Ndikufuna tsiku lina mdzukulu wanga adzatembenuze mwala, adzaone yekha kuti agogo ake sanalote.