Mwana, Bango ndi Njoka: Kasimbidwe ka Ubwana

Madzulo ano tikambirane za ntchito imodzi yovuta m'kulemba mabuku, ndiyo kusimba za ubwana kotero kuti wowerenga, angakhale wa imvi, aone dziko ndi maso a kamwana kosadziwa choipa. Chitsanzo ndatenga kwa Camara Laye, mlembi wa ku Guinea, wobadwira ku Kouroussa m'chaka cha 1928. Buku lake, lotchedwa L'Enfant noir, linasindikizidwa m'Chifalansa ku Paris m'chaka cha 1953. Analilemba ali mlendo ku France, mtima uli kumudzi.

Nkhani iyambira pabwalo, pafupi ndi chipala cha atate wake, amene anali wosula zitsulo ndi golide. Mwanayo, wa zaka 5 kapena 6, aona njoka, natola bango, nalilowetsa m'kamwa mwake. Njoka iyamba kumeza bangolo pang'ono pang'ono, mutu wake nusendera ku zala za mwana. Ndipo mwanayo angoseka.

Tsono tcherani khutu pano. Posimba zimenezi Laye asankha mawu a masewera: njoka ioneka ngati mnzake wokondwa nawo masewerawo, ndipo mantha palibe. Za kuluma atchula pambuyo pake, mwachidule. Nanga manthawo apita kuti? Awasenza ndi wowerenga. Ife tidziwa chimene njoka ichita, mwana sadziwa, ndipo mlembi atisiya pamenepo mtima uli m'mwamba, tikufunitsitsa kufuula kuti ataye bangolo. Akadayamba ndi kutichenjeza kuti imfa inali pafupi, tikadangomvera monga timvera mlandu wa eni ake.

Mwana apulumutsidwa, pabwalo pabuka phokoso, mayi wake nam'menya makofi. Iye alira, koma chom'liza kwenikweni ndi phokosolo, osati kuwawa. Apa mpomwe ine ndigoma naye Laye. Mlembi wosasamala akadati mwana analira pozindikira kuti waonera msana wa njira. Koma imeneyo ndi nzeru ya munthu wamkulu, ndipo kuiika m'mutu mwa kamwana ndiko kunama.

Inu amene mulemba m'chinenero chathu muli ndi chida chimene Chifalansa chilibe. Mukati kanjoka, mwaima pamene paima mwana. Mukati chinjoka, mwaima pamene paima amake. Kusintha n'kochepa, koma nkhani yonse yatembenuka. Cholakwa chimene ndiona kawirikawiri m'zolemba za oyamba kumene n'chakuti kamwana kosadziwa n'kumanga mkuzi komwe kalankhula miyambi ngati nyakwawa pabwalo la milandu. Wowerenga adziwa msanga kuti wolankhulayo ndi mphunzitsi wobisala, naleka kusamala.

Si onse anakondwa nalo bukuli. Linalandira mphotho ya Charles Veillon m'chaka cha 1954, koma Mongo Beti, mlembi wa ku Cameroon, analidzudzula kuti lafatsa mopitirira, popeza silinena za zowawa za ulamuliro wa Afalansa. Mawu ake ali ndi maziko, pakuti kufatsa kwa mawu kungathe kuphimba chilonda. Komabe ine ndiyesa kuti m'bukuli mumveka mawu a anthu awiri. Kuseri kwa mwana woseka kuli mwamuna wachisoni, amene avomera kangapo kuti miyambo ina ya kwao sanaimvetse, chifukwa sukulu inam'chotsa pa chipala asanakhwime. Chisoni chimenecho sachifuula, ndipo sachisimba ngati mlandu. Pothera pake mnyamatayo, atasiya mayi wake akulira, ali m'ndege yopita ku France, dzanja lake likhudza mapu a njanji za pansi pa mzinda wa Paris amene ali m'thumba mwake.