Dzimbiri Lopaka ndi Burashi

M'chaka cha 2019 mudatuluka kanema wotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, amene adakonzedwa ndi Chiwetel Ejiofor wa ku Britain. Kanemayu amasimba za William Kamkwamba, mnyamata wobadwira ku Dowa m'chaka cha 1987, amene adakulira m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 itamlepheretsa kupitiriza sukulu, iye adamanga makina opanga magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito njinga yakutha, fani ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki amene adawawamba pamoto kuti aphwatalale, ndiponso mitengo ya bulugamu. Zitsulo zambiri adachita kutola kudzala la zitsulo zotayidwa.

Pamenepa ndi pamene pagona vuto la mmisiri wofuna kumanganso makina otere kuti aonekere m'kanema. Kutalika ndi kupingasa kwake angathe kuyeza ndi tepi, ndipo sangaphonye. Koma paipi yogula m'sitolo imakhala yoyera mbee, chitsulo chatsopano chimanyezimira, pamene za mnyamata uja zidali zowauka ndi moto, zadzimbiri ndi zodzaza fumbi. Munthu wa ku Mponela kapena ku Malomo, amene wakhala akuona njinga zakutha moyo wake wonse, sangachedwe kuzindikira chinyengocho. Tsono mmisiri ayenera kupaka ndi burashi zaka zimene chinthucho sichidakhalepo.

Mawu okha sathandiza pa ntchito imeneyi. M'Chichewa dothi la katondo ndi lofiira, magazi ndi ofiira, ng'ombe ina ndi yofiira, dzimbiri nalonso ndi lofiira, komabe zinayi zimenezi zikaikidwa pamodzi palibe chofanana ndi chinzake. Wotumidwa kukagula penti wofiira popanda kutenga chitsanzo amabwerako ndi chitini chimene mwini ntchito sangachifune. N'chifukwa chake amisiri odziwa amanyamula kachidutswa ka chinthu chenichenicho, ndipo pamene chinthucho n'chosanyamulika amapita ndi utoto wawo komweko. Chithunzi cha pafoni n'chosadalirika, pakuti mafoni awiri saonetsa mtundu umodzi mofanana.

Chodabwitsa n'chakuti kufiira kwa katondo wa m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi ndi kufiira kwa dzimbiri gwero lake ndi limodzi: chitsulo chimene chakumana ndi mpweya ndi chinyezi. Ngakhale okusaidi wofiira amene amisiri omanga amathira m'simenti ya pansi pa nyumba ndi wa banja lomwelo. Choncho wofuna dzimbiri safunika kuyang'ana kutali. Katondo wosefa bwino, wosakaniza ndi guluu wa matabwa ndi madzi pang'ono, amamatirira pa chitsulo ndi kusiya timibulu tokhakhala ngati dzimbiri lenileni. Komabe dzimbiri silikhala la mtundu umodzi. Lakale limadera, latsopano limapita ku chikasu, ndipo limayenderera motsata njira ya madzi a mvula, kuchokera pa msomali kutsikira pansi. Wopaka mtundu umodzi paliponse, mosalala ngati khoma la ofesi, wangowononga penti.

Amayi a kumidzi amadziwa kale lamulo lina limene ophunzira ambiri amaliphunzira ataluza chitini chathunthu. Dothi lozirira nyumba likakhala lonyowa limaoneka lakuda, koma likauma limayererako. Penti wina wa madzi amachita zosiyana: akamauma amaderako pang'ono. Mtundu wa m'chitini suli mtundu wa pakhoma. Mmisiri amasakaniza pang'ono pokha, kuyambira ku mtundu wowala, nadonthezera wakuda kadontho kamodzikamodzi, popeza kudetsa n'kosavuta koma kuyeretsanso kumadya penti wambiri. Kenaka amapaka pa kachidutswa ka mtengo kapena pulasitiki yofanana ndi imene adzagwiritse ntchito, nadikira kuti kaume, nalemba m'kope masupuni amene wathira. Wosalemba sadzaupezanso mtunduwo mawa lake.

Kuwala nakonso kuli ndi chinyengo chake. Mitundu iwiri yofanana pansi pa babu la m'nyumba ingathe kusiyana ikatulutsidwa padzuwa, monga momwe amadandaulira munthu wogula nsalu madzulo. Kachidutswa koyesera kaja kayenera kuikidwa pambali pa chenicheni m'mawa, masana ndi pamthunzi. Kwa okonza kanema mboni yomaliza ndi kamera, chifukwa diso lake siliona ndendende monga la munthu, ndipo amayamba ajambula zoyesera asanakhutire.

M'kanema wa Kamkwamba mumaonekanso Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamlemekeza m'chaka cha 2005 ngati chuma cha anthu onse. Kuno nkhani ya mtundu imaposa maonekedwe. Simoni amadziwika ndi nkhope yofiira, ya mzungu wopsa ndi dzuwa, ndipo Chadzunda ndi wakuda. Wojambula chithunzi kapena wosema chifanizo cha zilombo zimenezi akasinthanitsa mitundu, anthu a ku Dowa ndi Ntchisi, kumene gule ali ndi mizu yozama, sanganene kuti waphonyako pang'ono. Adzanena kuti si chilombo chimenecho. Ndi nzeru kufunsa akuluakulu a mudzi burashi isanaviikidwe, pakuti zina za gule zili ndi eni ake.

Aphunzitsi amene amapangitsa ana zifanizo zazing'ono za mapiri ndi midzi ali ndi chinthu china choti aonetse kalasi. Nkhalango ya pa phiri la Ntchisi ndi yobiriwira kwambiri kwa munthu amene waima pansi pa mitengo yake, koma kwa woiona ali kutali imaoneka yotuwa, yopita ku buluu. Mpweya, fumbi ndi utsi wa pakati zimachepetsa ukali wa mtundu, makamaka m'mwezi wa Okutobala pamene tchire likupsa. Chifanizo chaching'ono cha pa tebulo chimaonedwa ngati chinthu chachikulu chimene chili patali. Amisiri a zifanizo amathirako penti woyera kapena wotuwa pang'ono m'mitundu yawo pa chifukwa chomwechi. Mwana akapaka phiri lake la dongo ndi penti wobiriwira wochokera m'chitini mosasakaniza, phirilo limaoneka ngati chidole. Mphunzitsi angamtulutse panja, namlozera phiri lenileni, namfunsa kuti atchule mtundu umene akuuona ndi maso, osati umene akuudziwa pamtima. Akabwerera m'kalasi, mwanayo apatsidwe supuni, phulusa losefa ndi kope lolembamo muyeso.